Nkhoswe Yathu Inali Youluka

Zaka zitatu ndinakhala pakhomo pa apongozi anga aakazi, kwa Mphuka, osayang'anana nawo m'maso ngakhale tsiku limodzi. Sikuti tinayambana ayi. Unali mwambo chabe: mkamwini ndi apongozi sakhala moyang'anizana, sadyera pamodzi, ndipo salankhulana popanda wina wapakati. Tikakumana panjira ya kumtsinje, iwo ankapatukira uku, ine uko, aliyense n'kunyonyomala kuseri kwa chitsamba chake n'kumaomba m'manja ngati akupereka moni kwa mtengo. Tsiku lina ndinapatuka mwaulemu kwambiri mpaka kugwera m'minga ya masau, ndipo ana a sukulu anaseka chigamba cha pathalauza langa sabata yonse.

Kwathu ku Chipata mwambowu uliko, koma tinaupeputsa kalekale. Apongozi angawa ankausunga wathunthu, osabenthulako ngakhale pang'ono. Anali mayi wamasiye. Ana awo aamuna awiri anali kutali, wina ku Tete wina ku Lusaka, ndipo pakhomo panatsala mwana wamkazi mmodzi, chitsiriza, amene ankachita bizinesi ya nsomba zouma za ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje. Ameneyo ndi amene ndinakwatira nditabwera kudzaphunzitsa sayansi pasukulu ya pafupi. Ndinamanga kanyumba ka zipinda ziwiri ka malata pabwalo lawo lomwelo, ndipo m'chaka chachiwiri tinakhala ndi mwana wamkazi.

Mawu onse pakati pa ine ndi apongozi ankadzera mwa mkazi wanga. Iye akatanganidwa, ankadzera mwa khandalo. Apongozi ankaima chapatali, atandifulatira, n'kunena mokweza kuti, "Iwe kamwana, uwauze atate ako kuti mbuzi zawo zadya nyemba zanga." Ine ndinkayankha kuti, "Uwauze ambuya kuti ndapepesa, ndizimanga." Mwiniwake wa uthengawo ali phee, akuyamwa chala cha kuphazi.

Chaka chachitatu ndinagula sola, batire ndi ka TV. Mkazi wanga ndinamuuza kuti mphunzitsi ayenera kutsatira nkhani za dziko. Linali bodza lamkunkhuniza. Ndinali nditamva kuti ku boma, pakashopu kolowetsa nyimbo ndi mafilimu pa fulashi, kwabwera sewero la zigawo zambiri la ngwazi ina imene ndinakula nayo.

Ndili mwana, pamsika ku Chipata panali mkulu wina amene ankayala mabuku akale pathumba. Pakati pa mabuku a masamu opanda zikuto pankapezeka timabuku ta zithunzi, tonena za munthu wosoka nsapato amene ankakhala ndi amake okha. Tsiku lina anamwa madzi a pachitsime chimene munagwera nyenyezi, basi kuyambira pamenepo ankauluka ndiponso kunyamula sitima ndi manja. Akapita kukamenyana ndi zigawenga ankavala chovala chobiriwira chothina, chophimba kumaso chofika pamphuno, ndi nsalu yolendewera kumsana. Timabukuto ndinatiwerenga mpaka mapepala anafewa ngati kansalu kopukutira thukuta. Ndinakwapulidwa kawiri chifukwa chotibisa m'kati mwa buku la masamu, ndipo zikwapu zonse ziwirizo sindinadandaule nazo. Tinayi ndinali nato ndithu m'sutikesi, pansi pa masatifiketi.

Ndiye mumvetse mmene mtima unandipwetekera nditayatsa chigawo choyamba. Chitsime panalibe. Akuti mphamvu zinachokera ku makina ena amene anaphulika. Nsapato panalibenso, munthu uja anamusandutsa wa taye, wogwira ntchito mu ofesi ya magalasi okhaokha. Chovala chobiriwira anachidetsa chikhale ngati matope a m'dambo. Anamupatsanso chibwenzi chimene m'buku munalibe n'komwe. Ndinkakalipira TV ija ngati mwana wa giredi seveni amene wakopera mayeso n'kulakwitsabe. Koma Lamlungu lililonse masana, tikabwera kutchalitchi, ndinkayatsanso.

Apongozi anaiona koyamba akudutsa pakhomo ndi dengu la mapira pamutu. Pa nthawiyo ngwazi inali m'malere, ikudutsa pamwamba pa nyumba zosanja. Ndinamva dengu likutsitsidwa.

"Iwe kamwana," anatero, "uwauze atate ako kuti abweretsa mfiti pakhomo panga. Mfiti youluka masanasana, yosowa na manyazi! Nizakakamba ku mphakati."

Ku mphakati wa tchalitchiwo sanakanene. Lamlungu lotsatira anadutsanso, koma pang'onopang'ono, ngati munthu wofunafuna singano. Lamlungu lachitatu anabwera ndi mphasa n'kuiyala pakhomo penipeni. Chinawatembenuza mtima n'chaching'ono: ngwazi ija itamaliza kuponya basi mumtsinje, inabwerera kwawo, inavula chophimba kumaso, n'kutsuka mbale za amake.

"Mfiti sitsuka mbale," anauza mkazi wanga. "Uyu analeledwa."

Kuyambira tsikulo anamutcha wa chitenje kumsana, ndipo makhalidwe athu a Lamlungu anakhazikika. TV inkayang'ana kukhomo. Apongozi ankakhala pamphasa kunja, pansi pa khonde. Ine ndinkakhala m'kati pakampando kafupi, pakona, nditawafulatira, khosi litapindika kuti ndione bwino. Mkazi wanga ankakhala pakati, paziwundo pa chitseko, mwana ali pamiyendo. Azungu akalankhula, ine ndinkamasulira kuuza mkazi wanga, iye n'kubwereza kuuza amake, ngakhale kuti amakewo anali atamva kale zonse, poti pakati pathu panali mapazi asanu okha.

Vuto linali lakuti mkazi wanga ankadula mawu anga. Ine ndinkati, "Uwauze kuti munthu wa dazi uyu akufuna kuzimitsa magetsi a mzinda wonse, koma m'buku sizinali choncho, m'buku anali ndi tsitsi, ndipo anali mphwake wa mwini fakitale, komanso chifukwa chake chenicheni..." Iye n'kutembenukira kwa amake: "Akuti uyu ni woipa." Basi. Maphunziro anga onse ankathera pomwepo.

Mafunso obwerera kwa ine ndiye anali osayankhika. Mphamvu zonsezi, bwanji alibe munda? Nyumba zimene akugumula pomenyanazi, amamanganso ndani? Chitenjecho amachapa ndani, poti amake akuti sadziwa? Bwanji osabwera kuno mwezi umodzi chabe adzatithamangitsire njovu m'mapira? Chovalacho chinathina choncho chifukwa nsalu inaperewera, kapena telala anali ndi nkhanza? Funso lomalizali mkazi wanga analibwereza akulira ndi kuseka, ine ndikuyang'ana khoma, makutu akutentha.

Zinthu zinkafika poipa ngwazi ikayandikira chibwenzi chake chija. Munthu sungaonere anthu akupsompsonana apongozi ali kumbuyo kwako. Nyimbo ikangoyamba kufewa, ndinkadziwa kuti kwaipa. Mkazi wanga ankavundikira TV ndi chitenje, apongozi ankayamba kukalipira nkhuku zimene sizinalakwe, ine ndinkawerama n'kumakonza waya wa batire amene analibe vuto. Tinkadikira nyimbo isinthe. Kamodzi tinavundukula msanga, ndipo ndinatulukira pawindo.

Ana a m'mudzi poyamba ankadzaza pabwalo. Koma wina atadumpha kuchokera padenga la khola la mbuzi, atamanga chitenje chatsopano cha apongozi m'khosi, n'kugwera pa mtsuko wawo wa madzi, apongozi anawaletsa onse. Lamlungu masana pakhomo pathu sipankayandikira mwana, ndipo lamulolo ankalisunga ndi kamtengo ka m'manja.

Ndinene zoona: Malamlungu amenewo ndinkawakonda. Mayi amene ndinkangomudziwa ndi chifuwa chake ndi kugunda kwa mtondo wake, tsopano ndinkamumva akuseka kumbuyo kwanga, akukuwa kuti "Kumbuyo kwako, iwe!" chigawenga chikamazembera. Anali munthu wanthabwala, ndipo zaka ziwiri zonse zija sindinkadziwa.

Mu Novembala kunabwera kalata. Ndinali nditapempha ndekha, mwakachetechete, kuti andisamutsire kufupi ndi kwathu. Anavomera, n'kundikwezanso kukhala wachiwiri kwa ahedi pasukulu ina ya ku Katete. Ndinayenera kukaonekera sukulu zikamatsegulidwa mu Januwale, apo ayi malowo apatsa wina. Ndinasangalala theka la tsiku. Kenako ndinakumbukira kuti mkamwini sanyamula mkazi ngati katundu wake. Amapempha chitengwa, kutanthauza chilolezo cha eni mwana chakuti apite naye kwawo, ndipo mwini mwana apa anali mmodzi yekha, wamasiye, amene akanatsala pabwalo lonse lija ndi nkhuku.

"Ine nizapita na imwe ngati amama avomera," anatero mkazi wanga atawerenga kalatayo. "Akakana, ku Katete muzapita mweka."

"Ndiye uwauze."

"Ayi. Mawu a mbuzi nimanyamula. Mawu a azungu anu a mu TV nimanyamula. Aya ni olasa, nyamulani mweka."

Njira yoyenera inali kutuma ankhoswe. Koma mphunzitsi wachikulire amene anandiimira pa ukwati anali atapuma ntchito n'kupita kumudzi kwawo kuseri kwa Petauke, ndipo foni yake inkangoyankhidwa ndi mayi uja wa mu makina wonena kuti nambala siikupezeka. Ndinayesa kudzera mwa mwana. Ndinamunyamula, ndinaima pafupi ndi nkhokwe pamene apongozi ankapeta, n'kuyamba kuti, "Uwauze ambuya kuti..." Ndinayang'ana kumwamba. "...kuti mvula yachedwa chaka chino."

"Uwauze atate ako kuti naona," anayankha apongozi. "Nili na maso."

Masabata anapita. Ndinaonda. Ndinali ndi mantha enieni, a mitundu iwiri: kuti akana ndipo ndisankhe pakati pa ntchito ndi banja langa, kapena kuti avomera ndi mawu okha mtima ukutuluka magazi, n'kudana nane mpaka imfa.

Ndiye nzeru inandibwerera, ya mtundu umene umabwerera munthu wophunzira akapanikizika. Sewero lathu linatsala chigawo chimodzi, ndipo mathero ake ndinkawadziwa pamtima kuposa katekisimu. M'kabuku komaliza, ngwazi imaitanidwa kukateteza mzinda wina wakutali, koma imakayika chifukwa cha amake. Mayiyo, amene anaululiridwa kale chinsinsi, amatenga nsimbi, amasita nsalu ya kumsana ija bwinobwino, amamumangirira yekha m'khosi n'kumuuza kuti apite, poti anthu omufuna ndi ambiri kuposa nkhalamba imodzi. Ndili mwana ndinkalira pa tsamba limenelo. Ndinaganiza kuti apongozi akaona zimenezi mtima ufewa, ndipo misozi isanaume ndidzaponya pempho langa kudzera mwa mkazi wanga, afune asafune. Ine amene ndinakhala miyezi ndikudandaula kuti a TV asintha chilichonse, sindinaganizeko n'komwe kuti angasinthenso apa.

Lachisanu lomaliza la Disembala mkazi wanga anawolokera ku Zumbo kukagula nsomba, mwana ali kumbuyo, kuti abwere Loweruka. Ine ndinapalasa njinga kupita ku boma kukalowetsa chigawo chija pa fulashi. Usiku wake mvula inayamba, ya mphepo, ndipo Loweruka lonse maboti sanawoloke. Lamlungu kunacha kuli mdima wa mitambo, tsiku lachiwiri dzuwa osaoneka. Kagetsi ka pa batire kanali katayamba kuphethira kofiira.

Nditabwera kutchalitchi ndinakhala m'nyumba ndikudziuza kuti lero palibe sewero, poti palibe wapakati. Ndiye ndinamva mphasa ikuyalidwa pakhonde. Kenako chifuwa chija, kawiri, chaulemu.

Ndinasowa mtengo wogwira. Kuwauza kuti lero sitionera sindikanatha, chifukwa kuwauzako ndiye kulankhula nawo. Kukhala chete kunalinso mwano. Ndinakokera kampando kanga pakona, ndinalowetsa fulashi, ndinayatsa. Nyimbo yoyambira inalira, ngwazi inatulukira, mvula ikusokosa pamalata.

Patapita kanthawi ndinamva apongozi akukonza kukhosi.

"Iwe wa chitenje kumsana," anatero mokweza, "uwauze aTicha akwezeko voliyumu. Sinimvera."

Ndinayang'ana wa chitenje kumsana. Pa nthawiyo anali akumenyetsedwa kukhoma ndi chimunthu chachitsulo, ndipo sankaoneka ngati ali ndi mpata wonyamula uthenga. Ndinakweza voliyumu.

"Uwauze ambuya kuti ndakweza," ndinatero, ine mphunzitsi wa sayansi, kuuza munthu wa mu TV.

"Uwauze tatenda," anathokoza apongozi.

Basi, nkhoswe inapezeka. Ndipo kunena chilungamo, inali nkhoswe yabwino kuposa mkazi wanga, chifukwa sinkadula mawu. Ndinafotokoza zonse za m'buku mmene ndinafunira, mpaka apongozi anati, "Iwe wa chitenje, uwauze aTicha afupikitse." Chimunthu chachitsulo chinagonja. Anthu a mzinda wakutali anabwera ndi pempho lawo, monga m'buku. Ngwazi inabwerera kunyumba, inavula chophimba kumaso, inapeza amake kukhitchini. Ndinkafunafuna nsimbi ndi maso, patebulo, pashelefu, paliponse.

Nsimbi panalibe. Mayi uja anagwira mwana wake pamkono ndi manja onse awiri, nkhope itakwinyika, n'kuyamba kulankhula mothamanga. Chizungu chake ndinachimva bwino lomwe. Ankati asapite. Ankati anaika kale mwamuna wake m'manda, sangathenso kukhala m'nyumba yopanda phazi la munthu wina. Ankati mzinda umenewo upeze mwana wa wina.

Ndinatukwana a TV chamumtima, mawu amene sindingalembe pano. Anasintha chitsime, ndinapirira. Anasintha nsapato, ndinapirira. Koma apa anandipha ndithu.

"Iwe wa chitenje," anatero apongozi, "uwafunse aTicha, amako akamba chani?"

Ndinaganiza kuti Chizungu sachimva, mboni palibe, ndipo pajatu ine ndinkangobwezera nkhani mmene mwiniwake anailembera. Si bodza kwenikweni, ndinadziuza, ndi kukonza zolakwika, ntchito ya mphunzitsi.

"Uwauze ambuya," ndinatero, mawu atakwera ngati a mwana wa kwaya, "kuti mayiyu akuti, pita mwana wanga, usadandaule za ine. Anthu okufuna ndi ambiri kuposa nkhalamba imodzi."

Pa TV mayi uja anagwa pansi n'kukumbatira miyendo ya mwana wake.



"Iwe wa chitenje, uwafunse aTicha. Mayi wouza mwana kuti pita, amamugwira miyendo?"

"Uwauze kuti azungu ndi mmene amatsanzikirana."

"Uwauze aimike."

Ndinadina batani. Chithunzi chinaima pamalo oipa: ngwazi ili kukamwa yasa, diso limodzi litatsinzina, ngati munthu amene akufuna kuyetsemula. Nkhoswe yathu inali imeneyo, ndipo apongozi analankhula nayo mwaulemu wonse.

"Iwe wa chitenje, uwauze aTicha kuti Chizungu sinichimva, ni zoona. Koma uja mayi namumva. Akana. Uwauze kuti kunama sakuziwa, mawu awo amaonda akanama."

Ndinafuna pansi patseguke.

"Uwauzenso kuti kalata yawo siniiziwa, kuwerenga siniziwa. Koma mwana wanga mwezi uno wanitemera nkhuni zofika chaka chamawa. Wanizira nyumba yonse na dothi latsopano, mu Disembala, mvula ili pamutu. Wanisokera madiresi onse ong'ambika, na aja ninataya kale. Usiku wa Lachinayi anabwera kugona kwa ine ati ku nyumba kwake kuli udzudzu. Uwafunse aTicha, munthu amene akhala amachita vimenevo?"

Ndinkayang'ana nkhope yopusa ija pa TV. Ine ndinali kalikiliki kukonza machenjera a sewero, pamene mkazi wanga anali akutsanzika amake ndi nkhwangwa ndi singano, ndipo amakewo akuona zonse, osanena kanthu.

"Uwauze ambuya," ndinatero potsiriza, "kuti ndalakwa. Ndawanamiza. Mayiyu akuti asapite."

"Uwauze apitirize. Osati filimu. Iwo."

Ndiye ndinanena zonse, ndikuyang'ana munthu wofuna kuyetsemula uja. Ndinanena kuti ndinapempha ndekha kusamuka, palibe anandikakamiza. Ndinanena za Katete, za udindo watsopano, za Januwale. Ndinanena kuti ankhoswe anga sakupezeka, kuti mwana wawo wakana kunyamula mawuwa, ndipo wanena kuti sasuntha popanda chilolezo chawo. Ndinanena kuti ndikupempha chitengwa, kuti ndikudziwa chimene ndikuwachotsera, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndinafuna kuti mzungu wa pa fulashi andipemphere.

Mvula inali itachepa, ikungodontha kuchokera kumalata kugwera m'beseni. Apongozi anapuma mozama.

"Ku Katete ni kutali bwanji? Uwafunse."

"Uwauze kuti ukanyamuka m'mawa, kukwera basi pa buliji pamsewu waukulu, umafika dzuwa lisanalowe."

"Kuli mtsinje?"

"Uwauze kuti waukulu ngati uno kulibe."

"Manje mwana wanga azadya nsomba za kuti?"

Apa sindinayesenso kupeka yankho.

Kenako ndinamva apongozi akusuntha pamphasa, ngati munthu amene waganiza zomaliza.

"Iwe wa chitenje kumsana," anatero, "mvera bwino, usasiyeko liwu. Uwauze aTicha kuti..."

Batire inalira kawiri, ndipo TV inathima.

Galasi linada bii. Nkhoswe inapita ndi uthenga uli pakamwa pa mwini wake. Ndinadina batani, ndinagwedeza waya, ndinamenya batire ndi chikhatho ngati kuti dzuwa lili m'kati mwake. Palibe chinachitika. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna china chilichonse chamoyo, nkhuku, mbuzi, ngakhale buluzi pakhoma, koma mvula inali itathamangitsa zonse. M'nyumba munali ine, pakhonde panali iwo, ndipo pakati pathu panalibe kanthu.

Mwambo unali wodziwika. Iwo anayenera kupinda mphasa n'kupita, yankho lidikire mkazi wanga kapena dzuwa, chimene chiyambe kubwera. Ndinamva mphasa ikukhwekhwereza. Ndinamva mawondo awo akulira poimirira. Ndinatseka maso, ndikuwerenga masiku otsala, ndipo ndinadziwa kuti usiku umenewo sindigona.

Mapazi sanapite kubwalo. Analowa m'nyumba, masitepe awiri, n'kuima.

"ATicha."

Zaka zitatu, liwu limenelo linali lisanabwerepo kwa ine mwachindunji. Linkangondidutsa likupita kwa wina.

"Tembenukani. Nifuna nione nkhope ya munthu amene anitengera mwana."

Ndinatsika pakampando, ndinagwada, ndinatembenuka. Maso ndinawakweza pang'onopang'ono, kuyambira pa mapazi a matope, chitenje chonyowa m'mphepete, manja opindidwa pachifuwa. Anali munthu wamng'ono kuposa mmene ndinkamuganizira kuchokera ku mawu ake. Anali ndi mphini ziwiri zakale patsaya lililonse, ndipo maso anali ofiira, koma sanalire. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osafulumira, mmene amayang'anira nsomba asanagule.

"Hm," anatero. "Makutu a kamwana kaja ni anu. Nimanamizira malemu amuna anga."

Ndinaseka, ndipo kuseka kuja kunatuluka pamodzi ndi misozi, zamanyazi kwambiri kwa munthu wofuna kukakhala wachiwiri kwa ahedi.

"Mutengeni," anatero. "Sinikondwera, sinizakunamizani monga mwaninamizira ine. Koma mutengeni. Chinthu chimozi chabe nipempha. Akadwala kumeneko, iye kapena kamwana, kapena mukayambana, musanitumire munthu. Musanitumire ankhoswe, musanitumire kalata. Munitumire foni imwe mweka, nimve mawu anu. Nizaziwa ngati mukamba zoona."

Ndinaomba m'manja, ndili chogwada, ndikuwayang'ana m'maso.

"Ndamva, amama," ndinatero.